Mzuli wa Che Saide Sunali Woyera

Mlungu wathawu ndinatsala pang'ono kudana ndi mpongozi wanga Graça chifukwa cha kachipewa. Ankayanika zovala za m'sutikesi yanga yakale pano pa Sanjala, ndipo pansi penipeni anapeza mzuli, kachipewa kaja amavala amuna Achisilamu, utakulungidwa m'pulasitiki pamodzi ndi pepala loyera. Mwana waukhondo uja sanafunse munthu. Ndinamupeza atathira kale madzi m'beseni, botolo la javeli, mankhwala aja oyeretsera zovala, lili m'manja, ndipo ndinakuwa mpaka nkhuku za aneba zinabalalika. Iwe Paulo unatuluka m'nyumba ukuseka, n'kundifunsa kuti, "Mama, inu mayi wa kutchalitchi, mzuli wa Msilamu mukuusungiranji? Kapena pali nkhani imene malemu papa sankaidziwa?"

Nkhani ilipo, ndipo bambo anu ankaidziwa yonse. Ndiilembe pano kuti inu ana anga musadzaimve kwa anthu itapindika. Za ubwana wanga ndazidumpha chifukwa mulibe zambiri: ndinabadwa, ndinadwala chikuku n'kuchira, ndinaphunzira mpaka pamene makolo anathera mphamvu. Moyo umene ndikufuna muudziwe unayambira pa mpando wa mu ofesi.

Chaka choyamba pa ntchito

Ndinalembedwa ngati wotayipa makalata mu ofesi ya bungwe lina lothandiza alimi kuno ku Lichinga, nkhondo itangotha kumene. Kuseri kwa ofesiyo kunali kachipinda kamene Senhor Baptista ankakonzeramo mafilimu a ulangizi, aja ankapita nawo m'midzi pa galimoto, wayilesi yakanema ndi jenereta zili kumbuyo. A Baptista anali bambo wamfupi, wadazi, wosuta fodya, ndipo kuseka kwawo kunali kwa pa Khirisimasi pokha. Tsiku lina ndinawapititsira kalata yoti asayine. Pa kanema panali amayi akukumba mbatatesi, ndipo pakamwa panga, pamene pakhala pakundiika m'mavuto moyo wanga wonse, panatseguka pokha.

"Amayiwa akudwala chiyani? Nkhope zawo zachita buluu ngati agona m'madzi."

A Baptista anatembenuka pang'onopang'ono, ine n'kuyamba kuganiza za njira yobwererera kwathu. "Iwe minina, bwereza zimene wanenazo." Ndinabwereza ndi mawu aang'ono. Iwo anazimitsa fodya n'kunena kuti, "Anthu asanu alowa muno lero, onse akuti filimu yakoma. Tenga mpando uwo." Kuyambira mlungu umenewo ndinkatayipa m'mawa, masana n'kukakhala pambali pawo.

Chinthu choyamba chimene anandiphunzitsa n'chakuti kuwala kuli ndi mtundu. Dzuwa la m'mawa limafiirira, mthunzi wa mtengo umathira buluu, babu la m'nyumba limathira chikasu, ndipo getsi lalitali la mu ofesi limabiriwitsa nkhope. Diso la munthu limakonza zonsezi lokha osakuuza, n'chifukwa chake malaya oyera umawaona oyera panja ndi m'nyumba momwe. Kamera ilibe nzeru imeneyo. Uyenera kuionetsa chinthu choyera m'kuwala komweko kumene ukujambulira, n'kuiuza kuti choyera ndi ichi. Ikadziwa choyera, mitundu ina yonse imakhala m'malo mwake. Pa ntchito pathu tinkati kumeneko ndi kutenga branku. Wojambula akaiwala kutenga branku, chithunzi chonse chimabwera chitanyikidwa mu mtundu umodzi, ndipo wokonza filimu ndiye amatuluka thukuta. Masiku amenewo tinali ndi kabokosi ka timabatani titatu tozunguza, ka kufiira, ka kubiriwira ndi ka buluu, ndipo unkazunguza pang'onopang'ono mpaka anthu aoneke ngati anthu.

Lamulo la a Baptista linali limodzi: chilichonse chojambulidwa chiyambe ndi pepala loyera patsogolo pa kamera. Koma zinthu zinkasowa. Matepi tinkajambulira pamwamba pa zakale mpaka zithunzi zinkachita mizere, magetsi ankabwera ngati mlendo, ndipo pepala loyera lenileni linali limodzi mu ofesi yonse, chifukwa otayipira makalata anali otuwa. A Baptista ankalisunga m'pulasitiki, pakati pa buku. Ukaligwira ndi chala chamafuta unkamva mbiri ya makolo ako. Tsiku lina ndinawafunsa chifukwa chimene sitingangotengera branku pa khoma la laimu. Anandikoka mpaka panja, n'kugunditsa pepala lawo pa khomalo. Khoma limene ndinkaliona loyera tsiku ndi tsiku linali lofiirira. "Kuno ku Lichinga chinthu chikagona panja si choyeranso," anatero. "Katondo amalowa paliponse, ngakhale m'mano." Tsiku linanso anathothola kapulana wanga, chitenje cha olenji chimene ndinakoloweka pa windo kuti chipinda chioneke bwino, akuti kuwala kwake kuzoloweretsa diso langa bodza. Ndinkawamvera, koma monga mmene timamverera munthu wamkulu amene amadandaula chilichonse.

Chaka chachisanu ndi chitatu: Meponda

Bungwe litayamba ntchito ndi asodzi, ananditumiza ku Meponda, m'mbali mwa nyanja, zaka ziwiri. Inu Paulo ndi Lúcia munatsala ndi bambo anu, ine n'kumakwera msewu uja wokhotakhota Lachisanu lililonse, mtima uli m'malere pa shapa, kaminibasi kodzaza madengu a usipa. Wojambula wanga anali Jafali, mwana wa konko, wa dzanja losanjenjemera koma wa mutu woiwala. Pepala ankalisiya paliponse: m'bwato, pa msika, ngakhale pansi pa mbale ya nsomba.

Filimu yathu yoyamba inali ya kuyanika usipa pa thandala nthawi ya mvula. Jafali anajambula pansi pa lona wa buluu osatenga branku, ndipo usipa unatuluka ngati wagona masiku anayi. Amayi ogulitsa nsomba atabwera kudzaona zimene tinali kukonza, mmodzi wa iwo, Abiti Amina, anamanga chitenje n'kuimirira. "Mana, ukaonetsa izi ku Lichinga, usipa wa Meponda adzagula ndani? Ukufuna ana athu adye lonayo?" Ndinabwerera ku makina ndili ndi manyazi. Pepala munalibe m'tepi yonse. Ndikubweza tepi uku ndi uku, ndinaona bambo wina wachikulire akudutsa pansi pa lonayo atavala mkanjo woyera ndi mzuli. Ndinaimitsa pomwepo, n'kuzunguza timabatani mpaka mkanjowo unayera. Usipa unayamba kunyezimira monga umachitira pa thandala. Amayi aja ataonanso anaomba m'manja, ndipo Abiti Amina ananditumizira kadengu ka usipa komwe munadya mlungu wonse.

Imeneyo inasanduka njira yanga. Anthu a ku Meponda amachapa m'nyanja ndi sopo n'kuyanika pa mchenga, ndipo choyera chawo chimayeradi. Pepala likasowa ndinkangofunafuna mzuli kapena mkanjo m'chithunzi, ndipo zaka ziwiri zonse njirayi sinandigwiritse mwala. Jafali anafika poleka n'kudandaula komwe. "Mana Tina, pepala langa limayenda lokha," ankatero. "Lavala mzuli."

Chaka cha khumi ndi chinayi: makompyuta

Nditabwerera ku Lichinga, a Baptista anapuma ntchito ndipo kachipinda kaja kanakhala kanga. Kenako kunabwera makompyuta. Anzanga ena anawaopa, koma ine ndinaona kuti ntchito ndi yomwe ija, angosintha khasu. M'malo mwa timabatani titatu munali kachida kooneka ngati kodonthezera mankhwala m'maso: ukakagunditsa pa chinthu choyera m'chithunzi, kompyuta imakonza chithunzi chonse nthawi yomweyo. Munalinso kawindo kozungulira koyezera mitundu, kokhala ndi mzere umene khungu la munthu aliyense, wakuda kapena woyera, limagonapo ngati mitundu ili bwino. Kawindoko ndinakagwiritsa ntchito miyezi iwiri, kenako ndinakatseka. Ndinkati munthu wa diso ngati langa safuna ndodo.

Sindidzichepetsa mwachinyengo: ntchito ndinkaidziwa. Ndinkatha kulowa m'chipinda, kuponya diso kamodzi, n'kumuuza wojambula kuti wajambula pansi pa mtengo wa mango cha m'ma teni. A maofesi ena ankabwera ndi mafilimu awo a misonkhano, nkhope za akuluakulu zitabiriwira ndi magetsi, ine n'kuwabwezera magazi. Mu ofesi anasiya kunditchula Celestina, ankangoti Diso, ndipo dzinalo linkandikomera kuposa langa la ubatizo. Nthawi imeneyo tinalandira shefi watsopano, bwana wa ofesi yonse, Senhor Gervásio, munthu wa tayi ngakhale mwezi wa Okutobala. Sanali munthu woipa. Ankangokonda malipoti okoma monga mwana amakondera shuga, ndipo lipoti lowawa ankaliona ngati chipongwe.

Chaka cha khumi ndi chisanu ndi chiwiri, mwezi wa Febuluwale

Chaka chimenecho bungwe linagawa mbewu yatsopano ya nyemba kwa alimi a ku Chimbonila, ndipo shefi anali atauza kale akuluakulu a ku Maputo kuti zikuyenda bwino kwambiri. Mlangizi wa kumeneko anali Arlindo, bambo wa ana anayi, wowonda, wosalankhulalankhula, woyenda pa njinga yamoto yofuka utsi. Arlindo analemba lipoti lonena kuti masamba a nyembazo achita chikasu, mbewuyo ikuoneka kuti inabwera ndi matenda, ndipo isagawidwenso. Shefi anawerenga, nkhope n'kugwa. Anaitana Jafali, amene tsopano ankagwira nafe ntchito ku Lichinga, n'kumuuza kuti, "Pita ukajambule. Anthu amanama, kamera sinama."

Jafali anabwerako atanyowa mpaka mkati, pepala litasanduka phala m'thumba. Zimene anajambula zinali zofiirira pang'ono, dzuwa likulowa ndi kutuluka m'mitambo, ndipo masamba a nyemba ankaonekadi achikasu. Koma ine ndinali nditaona kale zithunzi zambirimbiri zonyikidwa m'chikasu chifukwa cha wojambula woiwala, moti sindinadabwe. Ndinayamba kufunafuna choyera. Pakati pa munda panaima mwini wake, Che Saide, akulozera nyemba zake, mzuli uli kumutu. Ndinaseka ndekha, n'kugunditsa kachida kaja pa mzuliwo. Munda wonse unabiriwira nthawi yomweyo, wokongola ngati wa pa paketi ya mbewu. Nkhope za anthu zinatuwa pang'ono, ndipo ndinaziona. Ndinadziuza kuti anthu a ku Chimbonila amatuwa kale ndi mphepo ya kumeneko. Kawindo koyezera sindinakatsegule. Jafali sindinamufunse kuti maso ake anaona chiyani, ndipo kumundako sindinapite, ngakhale kuti ndi ulendo woti upita m'mawa n'kudzadya nkhomaliro kwanu.

Pa msonkhano wa Lolemba shefi anaonetsa filimuyo pamaso pa ogwira ntchito onse. Itatha anatembenukira kwa ine. "Dona Celestina, inu ndinu Diso lathu. Mitundu iyi ndi yoona?"

"Ndi yoona, shefi. Branku ndatenga ndekha."

Arlindo anaimirira kumbuyo, chipewa chili m'manja. "Dishkulupa, pepani shefi. Munda uwu ndauponda ndi mapazi angawa. Suli choncho."

Anthu anaseka, ndipo ine ndinaseka nawo. Shefi ananena kuti pali ziwiri: kapena Arlindo sapita kuminda, malipoti amalembera pansi pa mtengo, kapena akufuna kuipitsa dzina la bungwe. Anamuimitsa ntchito, anamulanda makiyi a njinga, n'kunena kuti pakatha milungu iwiri komiti idzakhala pansi kuti imuchotse. Arlindo anandiyang'ana kamodzi kokha n'kutuluka. Ndikuuzeni zoona, ana anga: tsiku limenelo sindinamve chisoni ngakhale pang'ono. Ndinamva kukoma kuti mawu anga atseka nkhani.

Chaka chomwecho, patapita masiku khumi

Lachinayi m'mawa ndinkachokera ku sitolo ya ofesi nditakumbatira mtokoma wa mapepala atsopano, pepala limodzi litatulukira pamwamba. Pa benchi ya alendo panakhala bambo wachikulire amene ndinamuzindikira msanga, chifukwa nkhope yake ndinali nditaiyang'ana pa kompyuta tsiku lathunthu. Anali Che Saide. Anabwera kudzalankhulira Arlindo, koma anamuuza kuti shefi atanganidwa. Ndinapereka moni, iwo n'kundiyang'ana bwinobwino.

"Ndinu mama aja munabiriwitsa munda wanga? Wallahi, muli ndi manja. Tiyeni mukaubiriwitse ndi kumunda komwe, ana adye."

Ndinayamba kuseka, koma sindinaseke nthawi yaitali. Nditawerama popereka moni, pepala lija linafika pafupi ndi mutu wawo. Pambali pa pepalalo mzuli uja unali wa mtundu wa tiyi wothira mkaka, wofiirira kuyambira pamwamba mpaka m'mphepete.

"Che Saide, mzuli uwu ndi womwe munavala tsiku lojambula?"

"Womwewu, mama. Uwu ndi wa kumunda. Wa Ijumaa, wa ku mzikiti, uli m'bokosi, suona dothi."

"Mumauchapa?"

Anakhumudwa pang'ono. "Mayi a kunyumba amachapa mlungu uliwonse. Koma madzi a pachitsime pathu mukuwadziwa, amabwera ndi katondo wake."

Mawu a a Baptista anandibwerera onse, pamodzi ndi fungo la fodya wawo. Njira imene ndinaiphunzira kunyanja ndinakwera nayo kumtunda osaifunsa. Ndinauza kompyuta kuti chinthu chofiirira ndi choyera, iyo n'kumvera: inachotsa kufiira m'chithunzi chonse. Tsono tsamba lachikasu ukalichotsa kufiira limasanduka lobiriwira, ndipo nkhope ya munthu imatuwa.

Ndinawapempha kuti andibwereke mzuliwo. Anavula mosafuna, n'kuphimba dazi lawo ndi dzanja. M'chipinda changa ndinauika pa tebulo pafupi ndi windo, pepala loyera pambali pake, n'kutenga branku pa pepalalo, kenako ndinajambula zonse ziwiri. Tsopano ndinali ndi mtundu weniweni wa mzuli. Ndinaika chithunzicho pambali pa cha kumunda, n'kuyamba kubweza kufiira pang'onopang'ono mpaka mizuli iwiriyo inafanana. Ndinatsegula kawindo kaja kamene ndinakanyoza zaka zitatu, ndipo khungu la Che Saide linagona pa mzere wake ndendende. Ndinafunafunanso m'filimu mpaka ndinapeza pamene Arlindo akutsegula kope lake, tsamba lamkati likuoneka kanthawi kochepa, ndipo nalonso linali loyera bwino. Kufiira kumene kamera ya Jafali inathira kunali kochepa chabe. Chikasu chinali cha munda. Masamba anali ofota, amawangamawanga, ena atapiringizika. Ndinaitana Che Saide kuti alowe. Anayang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pamutu, kenako anati, "Eya. Uwu ndiye munda wanga."

Masana omwewo ndinalowa kwa shefi n'kuwafotokozera zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anadzuka n'kutseka chitseko.

"Akudziwa ndani wina?"

"Ine, Che Saide, ndi mzuli."

"Dona Celestina, musachite nthabwala. Filimu yapita kale ku Maputo, ndipo aiyamikira. Mukudziwa kuti dzina lalembedwa kumapeto kwake ndi la yani? Si langa." Anakhala pansi n'kutsitsa mawu. "Tamverani. Arlindo sitimuchotsa. Tingomusamutsira ku dishtritu yakutali mwakachetechete, ntchito akhala nayo. Mbewu tisiya kugawa, tipeza chifukwa china. Aliyense apulumuka. Inu mungokhala chete basi."

Ndingakunamizeni nditati ndinakana pomwepo. Ndinatuluka, ndipo masiku atatu ndinayenda ndi nkhaniyi mumtima. Ndinkaopa. Ndinkaopa kusekedwa ndi anthu omwe aja ndinkawaphunzitsa ntchito, ndinkaopa kutaya dzina la Diso, ndipo maganizo a shefi ankaoneka ngati anzeru. Koma Arlindo akanapita kutaliko atasenza dzina la wabodza, ana ake n'kusiya sukulu pakati pa chaka, chifukwa cha chala changa chimodzi. Lamlungu titachoka ku tchalitchi ndinawafotokozera bambo anu tili pa khonde lino. A Tomás sanali munthu wolamula mkazi. Anangoti, "Ukhoza kukhala chete, palibe adzakumange. Koma ine ndikukudziwa, Tina. Sudzathanso kudya nyemba m'nyumba muno."

Lolemba komiti inakhala pansi: shefi, akuluakulu awiri a mu ofesi, ndi Arlindo pa mpando wa pakona atavala jekete la ukwati wake. Ine sanandiitane. Ndinagogoda, n'kulowa ndi kompyuta m'manja. Shefi anati, "Dona Celestina, pano si panu." Ndinayankha kuti, "Ndi panga, shefi, chifukwa umboni umene mukuweruzira munthuyu ndinaupanga ndine." Ndinaika mzuli pa tebulo, pepala loyera pambali pake, ndipo ndinadikira kuti aliyense aone yekha. Kenako ndinaonetsa mafilimu awiri aja motsatizana, wobiriwira ndi wachikasu, n'kufotokoza chimene ndinachita ndi chimene ndinalephera kuchita. Mawu anga sananjenjemere, ndipo mpaka lero ndimanyadira zimenezo. Ndinamaliza ndi kunena kuti, "Senhor Arlindo sananame. Wolakwa ndine, ndipo mulembe choncho."

Mmodzi wa akuluakulu aja anatenga mzuli, n'kuutembenuza, n'kuugunditsanso pa pepala ngati sakukhulupirira. Pasanathe ola, makiyi a njinga anali m'manja mwa Arlindo.

Ndinamupeza panja akupukuta chishalo cha njingayo. Ndivomere kuti ndinkayembekeza zikomo. Ndinati, "Senhor Arlindo, mundikhululukire." Sanasiye kupukuta. "Ndakukhululukirani, Dona Celestina. Koma ine ndinakuuzani pamaso pa anthu kuti munda uja ndauponda ndi mapazi. Munthu simunamukhulupirire. Chipewa ndiye mwachikhulupirira kawiri konse." Analiza njinga yake n'kumapita, ine n'kutsala mu utsi. Mawu amenewo anandipweteka kuposa chilichonse chimene shefi anandichita pambuyo pake, chifukwa anali oona.

Zaka zotsala

Shefi analemba kalata yovuta yopita ku Maputo, ndipo mbewu ija sinagawidwenso. Ine anandichotsa pa kompyuta n'kundiika m'chipinda chosungira matepi akale, kumata mapepala ndi kupukuta nkhungu chaka chathunthu. Moni wawo unasowa mpaka tsiku limene anasamutsidwa. Dzina la Diso linafa lokha, ndipo m'makhonde ena ankandinong'ona kuti Mama Mzuli. Sindinafe nazo. Chaka chitatha anandibwezera pa mpando wanga chifukwa nkhope za m'mafilimu zinayambanso kubiriwira ndipo panalibe wina wozikonza. Ndinagwira ntchito mpaka tsiku lopuma, ndipo ndikunena mosaopa kuti mafilimu anga abwino kwambiri ndi a zaka zimenezo. Wojambula aliyense ankanyamuka ndi mapepala awiri m'pulasitiki, kawindo koyezera sikanatsekedwenso, ndipo ndisanagwire mtundu wa mbewu, wa nsomba kapena wa chilonda, ndinkayamba ndafunsa munthu amene anaimapo kuti anaona chiyani. Arlindo anapuma ntchito ali mlangizi wamkulu wa ku Chimbonila komweko. Tikakumana pa msika timapatsana moni bwinobwino, koma sitinakhalepo mabwenzi, ndipo sindimudandaula.

Mzuli ndinapita nawo ndekha ku Chimbonila kuti ndikabweze. Aka kanali koyamba kuti ndiponde munda uja. Che Saide anaulandira, anauyang'ana, n'kundibwezera m'manja. "Sungani, mama. Ine ndapeza wina. Inu ndi amene mukuufuna."

N'chifukwa chake ndinakuwa, Graça mwana wanga, ndipo undikhululukire pokuchititsa manyazi pamaso pa aneba. Iwe unaona chipewa chakuda chofuna javeli, ndipo diso lako linaona bwino kuposa langa la nthawi ija. Ndikadzapita, zovala zanga mudzagawane, sutikesi mudzataye ngati yatha. Koma mzuliwo mudzausunge m'pulasitiki momwemo, pepala lili pambali pake. Musauchape.